Mukapita ku bichi ya nyanja yamchere, madzi a m'maondo asakupusitseni: nkhani ya shaki

Ife a kuno ku Mulanje madzi timawadziwa ndithu, koma ndi madzi athu. Tinakulira pa Likhubula, pa Lichenya, ena pa Thuchila, ena tinadumphirapo pa Dziwe la Nkhalamba ngakhale akuluakulu ankatiletsa, ndiye mmutu mwathu muli lamulo limodzi loti ukaima pomwe phazi likugunda pansi ndiye kuti uli bho, zoopsa zili pakati pozama. Lamulo limeneli ku nyanja yamchere silikwanira. Ndikulemba izi chifukwa masiku ano anyamata ndi atsikana ambiri akuno ali ku Durban ndi ku Cape Town pa ganyu, ena amadutsa pa Muloza kupita ku Quelimane kukapikula katundu nkupatukira ku Zalala kukaona nyanja, ndipo zithunzi zomwe amaponya pa Facebook ndi zija munthu waima mmadzi ofika mchiuno, madzi ake ofiirira ngati tiyi wamkaka, dzuwa likulowa kumbuyo kwake. Chithunzi chokongola inde, koma malo ndi nthawi yake ndi zomwe shaki imakonda.

Ndisanapite patali, ku nyanja yathu ya Malawi kulibe shaki, osayamba kuopa ku Mangochi. Komanso musaganize kuti shaki zimadya anthu tsiku ndi tsiku. A International Shark Attack File, omwe amasunga kaundula wa nkhanizi ku Florida Museum of Natural History ku America, anawerenga anthu 69 olumidwa ndi shaki osaiputa mchaka cha 2023 pa dziko lonse, ndipo 10 mwa iwo anamwalira. Dziko lonse limenelo. Ng'ona za mu Shire ndi Ruo zikanakhala ndi kaundula wotero tikanaona kuti mantha athu tikuwaika polakwika. Koma poti ukalumidwa ndiwe, masamu sakuthandiza, tiyeni tione chochita.

Choyamba dziwani mdani wake. Mitundu ya shaki ilipo yoposa 500 ndipo yambiri ilibe nanu ntchito. Imene imavulaza anthu kwambiri ndi itatu, great white yomwe imakonda madzi ozizira a ku Cape, tiger shark ya mizeremizere, ndi bull shark. Yachitatuyi ndiye nkhani yathu, chifukwa ku South Africa ndi ku Mozambique imadziwika ndi dzina loti Zambezi shark, eya, Zambezi yomweyo yomwe Shire amathiramo, Shire yemwe Ruo wathu wochokera mphiri muno amakathiramo pa Chiromo. Nsomba imeneyi thupi lake limatha kupirira madzi amchere ndi madzi opanda mchere omwe, ndiye imalowa mmitsinje nkukwera mtunda wautali, ndipo zazikazi zimakaswera ana mmalo momwe mtsinje ukukumana ndi nyanja. Ndi yonenepa, mphuno yobuntha, kutalika mamita awiri mpaka atatu, ndipo mu 2009 anagwirapo ina ya pafupifupi mamita anayi mu mtsinje wa Breede ku South Africa, mumtsinje osati mnyanja. Madzi ofika mchiuno mwanu kwa iyo ndi msewu wa tala.

Chachiwiri, mukafika musathamangire kuvula. Imani kaye kumtunda, yang'anani, kenako funsani. Safunsa anadya phula. Ku Durban ndi ku Cape Town fufuzani ma lifeguard, anthu opulumutsa omira ovala zofiira ndi zachikasu, ndipo sambani pakati pa mbendera zawo ziwiri basi, osati mbali ina poti kuli phee kulibe anthu. Kulibe anthu pa chifukwa. Ku Mozambique ma bichi ambiri mulibe lifeguard, ndiye funsani asodzi, Chipwitikizi chake ndi tubarão, ngakhale mutangonena liwu limodzi lomwelo nkuloza mmadzi akumvani ndipo nkhope yawo ikuuzani yankho. Ine ndinaphunzira izi mochita manyazi. Tinapita ku Zalala ndi alamu anga, ulendo wodutsa Milange, Mocuba, Nicoadala, fumbi lili mmaso, tikufika madzulo, ine ndinangoponya chikwama nkuthamangira mmadzi pafupi pomwe anyamata amakoka khoka. Bambo wina wachikulire yemwe amatumbula nsomba pamchenga anandikodola ndi mpeni womwewo, osakweza mawu, anangoloza matumbo a nsomba omwe mafunde amawakokera mmadzi pomwe ndinaima, kenako nkuloza kutali kumanzere kuti ngati ndikufuna kusamba ndipite uko. Shaki sindinaione, mwina kunalibe nkomwe, koma ndinatuluka miyendo ikunjenjemera ndipo alamu akundiseka mpaka lero.

Ndiye malo oti muwapewe ndi awa, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Pomwe mtsinje ukuthira mnyanja, pewani, makamaka mvula ikagwa. Mtsinje ukasefukira umabweretsa zonse, nyama zakufa, zinyalala, tinsomba tosokonezeka, ndipo madzi amada. Shaki mmadzi akuda siidalira maso kwambiri, ili ndi timabowo pamphuno tomwe timamva mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri yochokera mthupi la chamoyo, komanso mzere wa mmbali mwa thupi womwe umamva kugwedezeka kwa madzi, ndiye iyo ikudziwa kuti pali chinachake chikuphiriphitha pamene inu simukuona ngakhale zala za kumapazi kwanu. Njira yake yofufuzira kuti ichi nchiyani ndi kuluma, ilibe manja. Anthu ambiri olumidwa amalumidwa kamodzi kenako shaki nkuchoka chifukwa sizomwe imafuna, vuto ndiloti kamodzi komweko pa ntchafu ndi kokwanira kudula mtsempha waukulu. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi Second Beach ku Port St Johns ku Eastern Cape, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Mzimvubu umathira, pomwe anthu angapo anaphedwa ndi shaki pakati pa 2007 ndi 2014, ena ali mmadzi osazama ndithu. Gombe lonse la kuzungulira Quelimane ndi Beira lilinso ndi mitsinje yambiri yothira matope, nchifukwa chake madzi ake ndi ofiirira chaka chonse.

Pewaninso pomwe akuwedza kapena kutumbula nsomba, pafupi ndi doko, ndi pomwe mapaipi a zonyansa amathira. Mukaona mbalame zambiri zikudumphira mmadzi malo amodzi, kapena tinsomba tikulumpha ngati usipa wothawa, dziwani kuti pansi pali chomwe chikuwathamangitsa. Mukamva kuti nangumi wakufa wakokoloka pafupi, tsiku limenelo ndi la kudya chips kumtunda basi. Ndipo zija amanena kuti ukaona ma dolphin ndiye kuti kulibe shaki ndi bodza, onsewo amadya nsomba zomwezo, akhoza kukhala pa phwando limodzi.

Pali chinanso chomwe ife akumtunda sitimachidziwa, kukwera ndi kutsika kwa nyanja. Nyanja yamchere imadzaza nkuphwa kawiri pa tsiku, ndipo ku Beira kusiyana kwake kumatha kufika mamita 6 mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Madzi akaphwa mumaona mchenga wautali, mumayenda, mumawoloka kakhwawa kofika mmaondo nkukaima pa kachitunda ka mchenga kutsogolo, mukujambula ma selfi, osadziwa kuti kumbuyo kwanu kakhwawa kaja kadzaza kafika mkhosi. Makwawa apakati pa zitunda za mchenga amenewa, ndi pomwe pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi, ndi momwe nsomba zimasonkhana ndipo shaki imalondera momwemo. Funsani kuti madzi ayamba nthawi yanji kubwera, kapena onani pa foni, ma tide table ali pa intaneti aulere.

Chachitatu ndi nthawi. Mbandakucha, chisisira ndi usiku, ayi. Izi kwa ife sizachilendo, agogo ankatiuza zomwezo za ng'ona pa dooko. Kuwala kukachepa shaki zambiri zimayandikira kugombe kudzasaka ndipo kulakwitsa kwake kumachuluka. Vuto ndiloti ambiri a ife timaweruka madzulo kapena timapeza mpata pa 26 December ndi pa 1 January pomwe mowa uli mmutu, nkumati tiyeni tikaziziritse thupi usiku. Mowa ndi nyanja musaphatikize, ndipo apa sindikunena za shaki zokha.

Chachinayi, musakhale nokha ndipo musapite patali. Shaki imakonda chinthu chomwe chapatuka pagulu, komanso mukavulala muli nokha palibe okukokerani kumtunda. Ana akhale pomwe dzanja lanu likufika. Galu musalowe naye mmadzi, kusambira kwake kuja kophiriphitha ndi belu loitanira. Inunso chimodzimodzi, zomenya madzi ndi manja ngati tikusewera pa Lichenya zichepe. Wotchi yonyezimira, tcheni, ndolo, zibangili, vulani musiye mchikwama, mmadzi zimang'anima ngati mamba a nsomba. Ngati muli ndi bala lomwe likutuluka magazi khalani kumtunda, ngakhale zija amakamba kuti shaki imanunkhiza kadontho kamodzi ka magazi kuchokera ku Thyolo mpaka ku Beira ndi zokokomeza za mmafilimu.

Chachisanu, phunzirani mbendera ngati muli ku Cape Town. Kumeneko kuli a Shark Spotters, anayamba mu 2004, anthu amakhala pamwamba pa phiri ndi ma binoculars kuyang'ana mmadzi pa ma bichi ngati Muizenberg ndi Fish Hoek. Mbendera yobiriwira ndiye kuti madzi akuoneka bwino ndipo sanaone kanthu. Yakuda ndiye kuti madzi sakuoneka bwino, iwo sakutha kuona, osati kulibe shaki, kumvetsa apa. Yofiira ndiye kuti chenjerani kwambiri, yaoneka posachedwa kapena pali zoikopa. Yoyera yokhala ndi chithunzi cha shaki yakuda, limodzi ndi kulira kwa siren, ndiye kuti ili pompano tulukani. Ku Fish Hoek amaikanso ukonde wotchinga kagawo kosambira nthawi yotentha, umenewo ndi mpanda weniweni wofika pansi, ngati muli ndi ana sambani mkati mwake.

Ku Durban nkhani ndi ina ndipo anthu ambiri amanamizana. Maukonde anayamba kuikidwa kumeneko mu 1952, ndipo anafalikira ku ma bichi ena a kummwera pambuyo pa nyengo yomwe amaitcha Black December, kuyambira December 1957 mpaka miyezi yoyamba ya 1958, pomwe anthu angapo anaphedwa ndipo alendo anathawa mmahotela. Lero amayang'anira ndi a KwaZulu-Natal Sharks Board omwe ali ku uMhlanga. Koma maukonde amenewo si mpanda ayi. Ndi zidutswa zotalika mamita 200 ndi kanthu, zozama mamita 6, zoikidwa kutali mmadzi ozama kuposa pamenepo, ndiye shaki ikhoza kudutsa pansi kapena mmbali. Ntchito yake ndi kukola ndi kuchepetsa shaki zoyendayenda pamalopo, ndipo zathandiza kwambiri, koma si chitseko. Komanso cha mu June ndi July nthawi ya sardine run, pomwe tinsomba mamiliyoni timakwera gombe limenelo, maukonde amawachotsa mmalo ambiri kuti asaphe ma dolphin ndi zina, ndipo amaletsa kusamba. Mukaona chikwangwani choletsa musati poti ndalipira taxi kuchokera kutali ndilowa basi.

Tsopano tinene kuti mwaiona, chipsepse chatulukira kapena mthunzi waukulu wadutsa. Mtima udzagunda ngati ng'oma ya tchopa, zimenezo nzachidziwikire, koma yesetsani kusaphiriphitha. Itembenukireni muziiona, shaki imakonda kubwera chakumbuyo, ndipo bwererani chambuyo pang'onopang'ono kulowera kumtunda. Uzani anzanu ndi mawu amphamvu koma osachita chipwirikiti chopondana, nyamulani ana kaye. Ngati muli awiri kapena atatu yandikiranani. Ngati muli ndi chinthu mmanja, bolodi, chubu, ndodo, ngakhale chigubu, chiikeni pakati pa inu ndi iyo. Kuthamangitsana nayo posambira ndi kutaya nthawi, simungaipose.

Ikakugwirani, zonamizira kufa ayi. Menyani. Lasani mmaso ndi zala, kandani timipata topumira tija tili mmbali mwa mutu, pamenepo ndi pofewa. Pamphuno pamathandizanso koma chibakera mmadzi chimafooka ndipo pakamwa pali pompo, dzanja likhoza kutsetserekera mmano. Ikangosiya, tulukani, dzanja lili pa bala.

Gawo lotsatirali ndi lomwe ndikufuna mulisunge kwambiri, chifukwa olumidwa ndi shaki ambiri omwe amamwalira amafa ndi kutha magazi, mphindi zochepa zoyambirira zomwezo, ndipo wopulumutsa si dokotala koma yemwe ali pafupi. Mutulutseni mmadzi, shaki kawirikawiri siilimbana ndi opulumutsa. Mugonekeni pamchenga pomwe mafunde sakufika, osamuyendetsa. Tengani thaulo, malaya, chitenje, chilichonse, dindani pa bala ndi mphamvu zanu zonse, ndi thupi lonse osati tizala, ndipo musamatukule kuti muone ngati asiya, nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba. Ngati bala ndi lakuya, kankhirani nsalu mkati mwake nkudinda. Wina aimbe foni nthawi yomweyo, ku South Africa pa foni yammanja ndi 112, wina athamangire lifeguard, ndipo tchulani munthu mmodzi kuti iwe wa malaya ofiira imba, apo ayi aliyense azingojambula.

Ngati ndi mwendo kapena mkono ndipo magazi akuthovoka osaima, mangani. Tengani nsalu yotambalala ngati zala zitatu kapena zinayi, chitenje chopinda ndi chabwino kwambiri, osati waya kapena chingwe chopyapyala chomwe chingodula mnofu. Mangani masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, mbali ya ku thupi, osati pa bondo kapena pa chigongono penipeni. Pangani mfundo, ikani kamtengo kolimba kapena supuni pamwamba pake, mangani mfundo ina, kenako potokolani kamtengoko mpaka magazi asiye. Adzakuwa, zimapweteka kwambiri, musamumvere chisoni nkumasula. Mangirirani kamtengoko kuti kasabwerere, onani nthawi pa foni, ilembeni ngakhale pa mkono wake, ndipo osamasula mpaka achipatala. Zija timachita kumudzi zomasula pang'ono kuti magazi ayende, ayi, mukumupha. Mufunditseni zouma chifukwa wotaya magazi amazizidwa msanga ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo thupi likazizira magazi saundana bwino. Musamupatse madzi, chakudya kapena mowa ngakhale apemphe, akupita ku opaleshoni. Osathira mchenga, mchere, fodya kapena masamba pa bala. Muzimuyankhula, muzimutchula dzina. Ngakhale bala lioneke laling'ono apite kuchipatala ndithu, mkamwa mwa shaki ndi mmadzi a nyanja muli tizilombo toyambitsa mafinya, ndipo mano ake amatha kuthyokera mkati.

Mwina mukuti nanga bwanji osangozipha zonse. Asodzi akuzipha kale zambirimbiri chaka chilichonse chifukwa cha zipsepse ndi nyama, mitundu ina yatsala pang'ono kutha, ndipo shaki zimachedwa kukula ndi kuswana. Ife ndi amene timalowa kwawo. Ndipo mukapeza kamwana ka shaki kakodwa mu khoka kali pamchenga, osakagwira kumchira kuti mujambulitse, kamapindika nkuluma ngakhale kakuoneka kakufa.

Chinthu china chomwe chingakupezeni pa bichi msanga kuposa shaki ndi mkokomo wa madzi obwerera, omwe kumeneko amati rip current. Mafunde akamaswa pagombe madziwo amafuna njira yobwerera, ndiye amapanga kamtsinje kothamanga kolowera mkati mwa nyanja, ndipo pamalo pake pamaoneka bata, mafunde ochepa, madzi akuda pang'ono, pomwe mlendo amati apa ndiye pabwino. Chaka chilichonse kamapha anthu ochuluka kuposa shaki. Kakakutengani musalimbane nako kubwerera molunjika, mutopa nkumira. Yandamani chagada, kwezani dzanja limodzi kuti akuoneni, kenako sambirani chammbali motsata gombe mpaka mutatuluka mumkokomomo, sikamakhala kotambalala kwambiri, ndiye mafunde akuthandizani kubwerera. Mukaona mnzanu watengedwa musadumphiremo chimanjamanja, ma bichi ambiri a ku South Africa ali ndi chubu cha pinki chopachikidwa pa mtengo chomwe a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, anaika, chotsani chimenecho mumuponyere kapena mupatse wodziwa kusambira, nambala yoimba yalembedwa pa chikwangwani chomwecho.